Mwana akufuna kuphunzira za miyala, mayi ake akuti unesi

Mayi wina wa ku Rosettenville, kuno ku Joni, wandilembera kuti mtsikana wawo wa Grade 9 wakakamira zodzaphunzira geology (sayansi ya miyala) atamva kuti akatswiri a miyala amayenda m'misonkhano ya mayiko. Iwo akufuna unesi. "Agogo ake anathera mphamvu m'migodi ya ku Joni nthawi ya Wenela, ndiye uyunso abwerere ku miyala?" Makalata otere amachuluka ikafika nyengo yosankha maphunziro a Grade 10, ndipo nthawi zambiri kholo limakhala litagamula kale, likungofuna ine ndivomereze. Sindivomera.

Mayi, agogowo ankagwira fosholo, koma wowauza pokumba anali katswiri wa miyala, ndipo mpando umenewo ndi umene mwana wanu akuufuna. Komanso taonani kumene mukukhala. Mzinda uno unabadwa chifukwa cha golide amene anapezeka ku Langlaagte mu 1886. Pa mtunda wa makilomita pafupifupi 120 kuchokera pano pali Vredefort, pomwe chimwala chochokera kumwamba chinagwa zaka zoposa mabiliyoni 2 zapitazo. Ku Barberton kuli miyala ya zaka zoposa mabiliyoni 3, ndipo ku Bushveld kuli platinamu wochuluka kuposa kwina kulikonse padziko. N'chifukwa chake International Geological Congress, msonkhano waukulu wa akatswiri a miyala a padziko lonse, inachitikira ku Pretoria mu 1929, n'kubweranso ku Cape Town mu 2016. Malo amene mapulofesa akunja amawakwerera ndege, wophunzira wa ku yunivesite za muno mu Joni, Wits kapena UJ, amangopitako pa basi. Inu mumuchotse pamenepo chifukwa mwana wa neba ndi nesi?

Tsopano iwe mtsikana, zamisonkhanozo uziiwale kaye. Kumeneko kumapita anthu amene achita kafukufuku, ambiri a Masters ndi PhD. Ntchito yoyamba ndi yokhala padzuwa ku Rustenburg, kuyeza ndi kulemba za miyala imene makina atulutsa pansi, tsiku ndi tsiku. Digiri ya BSc ya zaka zitatu payokha siyifikitsa patali. Uyenera kuwonjezera digiri ya Honours, kenako kulembetsa ku SACNASP, bungwe lolembetsa akatswiri a sayansi. Mitengo ya miyala ikatsika, makampani amayamba kudula ntchito zofufuza. Ma bursary ambiri a makampani a migodi amayang'ana nzika za kuno ku South Africa kaye, choncho nkhani ya mapepala ndi fizi muyikambirane pabanja lero lomwe. Ndipo ukasankha Maths Literacy chifukwa anzako akuti ndi yophweka, chitseko wadzitsekera wekha: pamafunika Mathematics yeniyeni ndi Physical Sciences.

Ukapirira zimenezi, njira zilipo, ndipo si migodi yokha. Kuli ntchito zofufuza madzi apansi, kuli bungwe la boma la Council for Geoscience ku Pretoria, kumudzinso ku Malawi kuli malo a miyala ya mtengo wapatali monga Kayelekera ku Karonga, Kangankunde ku Balaka ndi Kasiya ku Lilongwe.

Mayi, tengani lipoti lake la teremu yatha muone masamu. Ngati akukhoza, musainireni fomu ya Mathematics ndi Physical Sciences. Akadzasintha maganizo, maphunziro omwewo angamuthandizebe kulowa unesi wanuwo.