Kodi dayisi ya pafoni imabera?

Kalata yomwe ndikuyankha lero yachokera kwa bambo wina wokonda Ludo ya pafoni. Amasewera ndi ana ake, nthawi zina ndi anthu osawadziwa pa intaneti. Akufunsa kuti: "Ndikamafuna sikisi woti nditulutsire kachidole kanga, sabwera. Koma mnzanga akangofuna kundidya, nambala yomwe akufunayo ndi imene imagwa. Kodi madayisi a pafoniwa sabera? Nanga si bwino kungowasiya n'kubwerera ku bolodi lenileni?"

Zikomo polemba, achimwene. Zimene mwafotokozazi pazokha si umboni wa chinyengo, chifukwa dayisi yachilungamo imachitanso zomwezo. Komabe kukayikira kwanu si kopanda pake. Kungoti diso lanu lili pa dayisi, pomwe pofunika kuyang'anitsitsa ndi pena.

Tiyambe ndi masamu, musaope, si ovuta. Dayisi ili ndi mbali 6, choncho ambiri amaganiza kuti ukaponya ka 6, sikisi ayenera kuoneka kamodzi basi. Ayi ndithu. Mwa anthu atatu amene aliyense waponya ka 6, kawirikawiri mmodzi amamaliza osamuona sikisi n'komwe. Kuponya ka 10 popanda sikisi kumachitika pafupifupi ka 16 pa maulendo 100 aliwonse. Ndiye mukakhala anayi, aliyense n'kumaponya kamodzi pa ulendo wake, pafupifupi theka la magemu onse pamakhala munthu mmodzi amene amaponya ka 10 akadali m'nyumba, anzake akungozungulira bolodi. Munthu ameneyo akakhala inuyo, zimawawa. Akakhala mnzanu, simuzindikira n'komwe.

Za kudyedwa nazonso zili ndi masamu ake. Kachidole kanu kakakhala patsogolo pa tizidole tiwiri ta mnzanu, kena malo atatu kumbuyo, kena malo asanu, ndiye kuti manambala awiri mwa 6 akhoza kukugwetsani. Mukakhala pamalo omwewo maulendo awiri, mwayi woti mudyedwe umapitirira theka. Inu mumaona ngati "nambala yeniyeni yomwe amafuna", pomwe iye anali ndi makomo awiri otsegula, ndipo anagogoda kawiri. Tsono mutu wa munthu umasunga bwino tsiku lomwe anadyedwa ali pakhomo penipeni, n'kuiwala msanga tsiku lomwe iye anachita zomwezo kwa mnzake. Onjezerani kuti pafoni gemu imathamanga. Palibe kuwerenga malo ndi chala, palibe kutola dayisi yogwera pansi pa mpando. Madzulo amodzi mumaponya kochuluka kuposa pabolodi, ndiye zachilendo zomwe zimachitika mwa apo ndi apo mumakumana nazo pafupipafupi.

Ndipo dayisi sikumbukira zomwe yachita. Sikisi akasowa ka 10, mwayi wake pa ulendo wa 11 udakali umodzi mwa 6. Mu 1913, m'nyumba ya juga ya ku Monte Carlo, kampira ka roulette (juga yomwe kampira kamazungulira pa gudumu la timabowo tofiira ndi takuda) kanagwera pa mtundu wakuda ka 26 motsatizana, ndipo anthu anataya ndalama zankhaninkhani pobetcherana kuti tsopano wofiira "wayandikira". Sanali atayandikira.

Nanga m'fonimo mumachitika chiyani? Mulibe dayisi. Kachithunzi komwe kamagubuduka pasikirini n'kongosangalatsa maso. Nambala imasankhidwa ndi pulogalamu, osati ndi kugubudukako. Pulogalamuyo imatenga nambala imodzi yoyambira, mwina kuchokera ku wotchi ya foni kapena ku zinthu zina zosinthasintha m'kati mwake, n'kuipititsa m'masamu otulutsa mndandanda wautali wa manambala osakanikirana bwino. Njira imodzi yotchuka kwambiri, yotchedwa Mersenne Twister, inapangidwa mu 1997 ndi akatswiri awiri a ku Japan, Makoto Matsumoto ndi Takuji Nishimura. Mukamasewera pa intaneti, nthawi zambiri nambala imachokera ku kompyuta yaikulu ya eni gemu, kuti wina asakonze foni yake izingomupatsa sikisi. Njira zoterezi zikalembedwa bwino sizikondera mbali, mwinanso kuposa dayisi yapulasitiki yotchipa, yomwe timaenje ta manambala ake timachititsa mbali zina kupepukirako. N'chifukwa chake madayisi a m'nyumba za juga amatsekedwa timaenjeto ndi zinthu zolemera mofanana ndi dayisiyo.

Kodi zingalakwike? Inde. Mu 1999 akatswiri a chitetezo cha makompyuta anaonetsa kuti pulogalamu ina yosakaniza makadi a poker pa intaneti inkatenga nambala yoyambira ku wotchi mosasamala, moti munthu ataona makadi ochepa chabe ankatha kudziwa dongosolo la makadi onse. Kodi wolemba pulogalamu angaikemo tsankho mwadala? Angathe, ndipo si ntchito yaikulu.

Koma apa ndi pomwe nkhaniyi imandikomera. Opanga magemu amene anaululapo kuti amasintha mwayi, ambiri amausintha mokomera wosewera. Sid Meier, amene anayambitsa magemu a Civilization, anafotokoza pa msonkhano wa opanga magemu mu 2010 kuti osewera ankadandaula akagonja pa nkhondo yomwe mwayi wawo wopambana unali utatu kwa umodzi. Masamu akuti ugonja kamodzi pa kanayi, koma mtima wa munthu umati wandibera. Mapeto ake opanga gemuyo anasintha mawerengedwe kuti osewera asamakhumudwe. Gemu ya XCOM 2 nayo, pa magawo osavuta, imakuwonjezera mwayi mobisa. Ngakhale kunyimbo zinachitika: Apple mu 2005 ndi Spotify mu 2014 anasintha kasakanizidwe ka nyimbo chifukwa anthu ankati sikukusakaniza bwino woimba mmodzi akamveka kawiri motsatizana, chonsecho kusakaniza kwenikweni kumatero kumene. Mwayi weniweni umabwera mounjikana, pena kusefukira pena chilala, ndipo ife anthu timaukana.

Osewera backgammon, gemu ina ya pabolodi yoponya madayisi, analimbana nayo kalekale nkhaniyi. Kuchokera pomwe Gerald Tesauro wa ku kampani ya makompyuta ya IBM anapanga pulogalamu yosewera backgammon yotchedwa TD-Gammon kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990, makompyuta akhala akusewera gemu imeneyi mwaluso lofanana ndi akatswiri apamwamba, ndipo madandaulo oti "ikubera madayisi" sanathe. Chomwe chimachitika n'chakuti katswiri amaika tizidole take pamalo oti manambala ambiri amukomere, ndiye woonerera amangoti ali ndi mwayi. Pulogalamu ya GNU Backgammon inathetsa mkanganowu mwanzeru: imalola kuti uziponya dayisi yako yeniyeni patebulo n'kumalowetsa manambala ndi dzanja. Anthu amagonjabe kwa kompyutayo.

Ngati mukufuna kuyesa yanuyo, tengani pepala mulembe manambala 120 otsatizana omwe mwaponya, osadumpha ngakhale imodzi, kaya yakukomerani kaya ayi. Nambala iliyonse iyenera kuoneka pafupifupi ka 20, koma ikagwera paliponse pakati pa 12 ndi 28 musadabwe. Mulembenso za mnzanu padera. Dziwani kokha kuti kuyesa kumeneku kumagwira tsankho loonekeratu basi. Pulogalamu yochenjera, yongokondera pa nthawi yothina, ingathe kukupatsani ziwerengero zooneka bwino, ndipo poti makampani ambiri saonetsa poyera momwe analembera mapulogalamu awo, wosewera wamba alibe posuzumira.

Ndiye ine, m'malo movutika ndi dayisi, ndimafunsa kuti gemuyi ikudya pati? Ludo King, yomwe kampani ya Gametion ya ku India inatulutsa mu 2016, inafala modabwitsa mu 2020 anthu atabindikira m'nyumba chifukwa cha Covid-19, mpaka kukopedwa maulendo oposa 500 miliyoni. Kutchuka kotereku kunabala magemu ambirimbiri ofanana nayo, opangidwa ndi anthu osiyanasiyana, ena odziwika ena osadziwika komwe ali. Pafupifupi onse ndi aulere, kutanthauza kuti ndalama amazipeza potsatsa malonda kapena pogulitsa timakoini ta m'gemu. Wongotsatsa malonda phindu lake n'lakuti mukhalitse, ndipo munthu woberedwa moonekera sakhalitsa. Koma gemu ikayamba kugulitsa mwayi woponyanso dayisi, kapena ikamafuna makoini kuti mulowe pabwalo, makoiniwo akatha n'kukuuzani kuti gulani ena, pamenepo kugonja kwanu kwasanduka malonda a wina. Dayisi ikhoza kukhala yachilungamo ndithu, koma amene wagula maulendo awiri oponya sakusewera gemu imodzi ndi inu amene muli ndi umodzi. Muzionanso "anzanu" a pa intanetiwo. Magemu ena, osewera akachepa, amakulumikizani ndi kompyuta yovekedwa dzina la munthu.

Zobetcherana ndalama zenizeni ndiye muzitalikire. Kumeneko safunika n'komwe kubera dayisi. Tiyerekeze kuti anthu awiri aika 100 aliyense, wopambana n'kulandira 180, eni gemu n'kusunga 20. Kuti mungobweza zanu muyenera kupambana pafupifupi magemu 56 mwa 100, pa gemu yomwe mbali yaikulu ndi mwayi. Imeneyo ndi juga, kaya aipatse dzina lokoma bwanji. Ku India, komwe Ludo yobetcherana inafala kwambiri, nyumba ya malamulo inavomereza mu Ogasiti 2025 lamulo loletsa magemu a pa intaneti oseweredwa ndi ndalama.

Pa funso lanu lachiwiri, sindikuuzani kuti mutaye foni. Kwa m'bale amene ali kutali, gemu ya pafoni ndi mphatso, ndipo pa masewera opanda dayisi monga chess, foni yasintha zinthu kwabasi: pa Lichess, pulogalamu yosewerera chess pa intaneti yomwe ndi yaulere komanso yopanda zotsatsa malonda, mwana angathe kusewera ndi anthu a msinkhu wa luso lake kenako n'kuona pomwe analakwitsa. Foni sitaya tizidole, siiwala kuti ndi ulendo wa ndani, ndipo mwana wochenjera sangasunthe kachidole malo asanu dayisi itagwa folo. Koma ilinso ndi zomwe imalanda. Banja lililonse lili ndi timalamulo take ta Ludo, monga zochita sikisi akagwa katatu motsatizana, kapena ngati tizidole tiwiri tikatseka njira, ndipo pulogalamu imangokupatsani zomwe wolemba wake anasankha. Chachikulu kwambiri n'chakuti pabolodi aliyense amaona dayisi ikuchoka m'dzanja mpaka kuima. Ludo inachokera ku Pachisi, masewera akale a ku India omwe ankaponya tizigoba ta nkhono za m'nyanja, onse maso ali pomwepo. Mkangano woti wabera ndani unkathera pomwepo, chifukwa mboni zinalipo.

Choncho ndi ana amene muli nawo nyumba imodzi, ine ndingasankhe bolodi. Amaphunzira kuwerenga malo, kudikira ulendo wawo, komanso kudyedwa osalira, poti chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe. Mukafuna ya pafoni, tsegulani chipinda chanu chachinsinsi muitane anthu owadziwa, kapena sankhani mbali yosewera nonse pafoni imodzi popanda intaneti, komwe sikufunika makoini. Ndipo musanawapatse anawo foni, lowani mu Google Play kapena App Store muike kuti chilichonse chogula chizifunsa pasiwedi, chifukwa batani logulira makoini amaliika pafupi kwambiri ndi lomwe mwana amadina akangogonja.