Kodi Dudley anaperekadi Mfumukazi Elizabeth?

Mayi ena andilembera pa imelo atangoonera filimu ya Elizabeth, ya mu 1998, imene Cate Blanchett anasewera ngati Elizabeth Woyamba, mfumukazi ya ku England. Akufunsa ngati n'zoona kuti Robert Dudley, mwamuna amene Elizabeth ankamukonda, anamubisira zoti ali pabanja, kenako n'kulowa m'gulu la omukonzera chiwembu.

Mayi, pamenepo filimuyi inamunamizira Dudley, ndipo zimandipweteka. Iye anakwatira Amy Robsart mu 1550, ukwati wapoyera, Mfumu Edward VI, mlongo wake wa Elizabeth, ali pomwepo. Panalibe chobisa. Chimene chinasokoneza zinthu ndi imfa ya Amy mu 1560. Anamupeza atafa m'munsi mwa masitepe ku Cumnor Place, khosi litathyoka. Ofufuza anati inali ngozi, koma mphekesera inali itawanda kale kuti Dudley wachotsa mkazi kuti apeze mpata kwa mfumukazi. Elizabeth akanakwatiwa naye, anthu akanamuloza chala iyenso.

Ukwati wam'seri unachitikadi, koma mu 1578, pamene Dudley anakwatira Lettice Knollys. Elizabeth atamva anapsa mtima koopsa, ndipo Lettice sanakhululukidwe. Koma chiwembu ayi. Dudley yemweyo ndi amene anapatsidwa udindo wotsogolera asilikali ku Tilbury mu 1588, zombo za nkhondo za Spain zikuopseza England. Munthu amene ukumukayikira sungamusiyire asilikali ako nthawi ngati imeneyo. Anamwalira mu Seputembala chaka chomwecho, ndipo kalata yake yomaliza Elizabeth anaisunga m'kabokosi mpaka pamene iyenso anamwalira mu 1603.

Chimene filimuyi inakhoza ndi mantha. Mayi ake a Elizabeth, Anne Boleyn, anadulidwa mutu mu 1536 iye asanakwanitse zaka 3, ndipo mu 1554 mkulu wake, Mfumukazi Mary, anamutsekera m'ndende ya Tower of London. Mukamuona Blanchett akunjenjemera pokonzekera kulankhula ndi mabishopu, dziwani kuti kunjenjemerako kuli ndi pochokera.

Winanso amene filimuyi inamulakwira ndi William Cecil. Mufilimu ndi nkhalamba imene mfumukazi ikuipumitsa ntchito. Cecil weniweni anali ndi zaka 38 pamene Elizabeth ankalowa ufumu mu 1558, ndipo anakhala nduna yake yodalirika kwa zaka 40, mpaka imfa yake mu 1598.