Ntchito mukuidziwa, koma akukudziwani ndani?

Wowerenga wina watifunsa kuti: "Ndagwira ntchito yowerengera ndalama zaka 8, koma kunja kwa ofesi yathu palibe amene amandidziwa. Kodi ndizilemba pa LinkedIn tsiku lililonse kuti ndidziwike?"

Ayi, musayambire pa LinkedIn, tsamba la pa intaneti lomwe anthu amadziwanirapo pa nkhani za ntchito. Yambani mwasankha vuto limodzi loti anthu azikukumbukirani nalo. Owerengera ndalama ndi ambirimbiri. Koma "uja amalongosola mabuku osokonekera a mabungwe ang'onoang'ono ma odita (ofufuza mabuku a ndalama) asanabwere" ndi munthu woti dzina lake lingatchulidwe pamsonkhano iye kulibe. Mbiri imayendera pakamwa pa ena, ndiye apatseni mawu achidule oti akanene.

Kenako sonkhanitsani umboni. Ntchito iliyonse ikatha, lembani tsamba limodzi lokha: vuto linali chiyani, munachitapo chiyani, zinatha bwanji. Pa zotsatira ikani manambala. Mwachitsanzo, kutseka mabuku a mwezi (kumaliza kuwerengera ndalama za mweziwo) kunkatenga masiku 15, pano kukutenga masiku 5. Mawu akuti "ndinathandiza kwambiri" sakhutiritsa aliyense. Koma apa m'pofunika kusamala zedi: dzina la kasitomala kapena ziwerengero zake musazionetse popanda chilolezo cholembedwa. Mukaulula chinsinsi cha mmodzi, enanso ayamba kuopa kukupatsani mafayilo awo.

Kalata yokuyamikirani ipempheni sabata yomwe ntchito yatha, akadakumbukira zomwe munachita. Pakapita miyezi 6 amangolemba kuti "ndi munthu wolimbikira", mawu oti angalembere wina aliyense.

Zolemba pa intaneti zibwere pambuyo pake, ndipo kawiri pa mwezi n'kokwanira. Tengani funso lomwe anthu amakufunsani kawirikawiri, muliyankhe mpaka pomwe munthu angathe kuchita yekha. Olemba tsiku lililonse mfundo zimawathera msanga, n'kuyamba kukopera za ena, ndipo akatswiri anzawo sachedwa kuzindikira. Chonsecho akatswiri anzanuwo ndi amene amafunsidwa kuti, "Kodi ujeni amaitha ntchito?"

N'chifukwa chake ndi bwino kulowa bungwe la anthu a ntchito yanu, osangolipira umembala n'kukhala phee. Lowani komiti imodzi, pemphani mphindi 15 zoyankhula pamsonkhano, mufotokoze ntchito imodzi yeniyeni ndi pomwe inavuta.

Pomwe ambiri amagwa ndi pa kuvomera ntchito iliyonse dzina likayamba kumveka. Yomwe simukuidziwa bwino ikaneni, mutchule mnzanu amene amaitha. Yomwe mwavomera, lonjezani tsiku loti mungakwanitse, ndipo mukaona kuti muchedwa, imbani foni tsikulo lisanafike.