Mafunso a Owerenga: Agogo anachokera ku Dedza, ine ndinabadwira ku Kadoma. Kwathu n'kuti?

FUNSO: Agogo anga aamuna obereka bambo anachoka ku Dedza m'zaka za m'ma 1950 kukagwira ntchito mumgodi pafupi ndi Kadoma ku Zimbabwe, ndipo anakwatira Mshona. Ine ndinakula ndikulankhula Chishona kusukulu ndi Chichewa pakhomo, koma tsopano ndimakhala ku Leicester ku England. Anzanga ankanditcha mlendo, ndipo ndikuopa kuti ku Malawi nakonso adzanditcha chimodzimodzi. Kodi abale a agogo ndingawapeze bwanji, nanga ndine wa mtundu uti?
Mayi wa ana awiri, Leicester

YANKHO: Mayi, agogo anuwo anali m'gulu la amuna ambirimbiri a ku Nyasaland amene anapita kumigodi ndi kumafamu a ku Southern Rhodesia, amene lero ndi Zimbabwe, makamaka m'nthawi ya chitaganya cha 1953 mpaka 1963, ndipo amene sanabwererenso kumudzi ankatchedwa machona. Ana ndi zidzukulu zawo anavutika ndithu, chifukwa lamulo la unzika la 2001 linachititsa kuti ambiri aziwerengedwa ngati alendo m'dziko limene anabadwiramo, kufikira pamene malamulo aakulu a dziko la Zimbabwe a 2013 anayamba kukonza vutoli. Mantha anuwo ndikuwamvetsa.

Chimene chimasokoneza mabanja ngati lanu ndi kusiyana kwa miyambo iwiriyi. Kwa Ashona mwana ndi wa kwa atate ake ndipo mtundu amatengera kuchimuna, pamene kwa Achewa mwana ndi wa kwa amake, ndipo womuyang'anira pa nkhani za ukwati, maliro ndi milandu ndi atsibweni ake, amene ndi mwinimbumba. Motero abale a agogo aakazi ankaona bambo anu ngati mwana wa Mmalawi, pamene a ku Dedza akanati mwanayo kwawo n'kwa amake. Palibe mbali imene inakukanani mwadala, koma uliwonse mwa miyamboyi unkaloza kwa unzake. Ine ndikuona kuti ndinu wa mbali zonse ziwiri, ndipo munthu amene anaona kuyambira ali wamng'ono kuti ubale umawerengedwa m'njira zosiyana sathamangira kunena kuti mwambo wa anthu ena ndi wolakwika. Khalidwe limenelo lidzawathandiza ana anu kumene akukulirako.

Pofufuza, dzina la boma lokha silikwanira. Funsani akuluakulu amene adakali moyo dzina la mudzi, la nyakwawa, la mfumu yaikulu ya deralo ndiponso mfunda wa agogo, kaya anali Phiri, Banda, Mwale kapena Mbewe. Onaninso chitupa chawo chakale ngati chinasungidwa, popeza kawirikawiri pankalembedwa mudzi ndi mfumu. Chofunika koposa ndi mayina a alongo awo, pakuti ngati anali Mchewa, ana ndi zidzukulu za alongowo ndi amene anatsala pamudzi. Ndanena kuti "ngati" chifukwa ku Dedza kulinso Angoni ndi Ayao, choncho musagamuliretu.

Mukadzafika, mudzayambire kwa nyakwawa, mutavala chitenje, mutanyamula kangachepe monga shuga, mchere ndi sopo, ndipo mudzafotokoze modekha kuti mwabwera kudzaona abale ndi manda a makolo. Nkhani ya malo musadzaitchule paulendo woyamba, chifukwa anthu akaganiza kuti mwabwera kudzalanda munda, amene akudziwa mbiri ya agogo adzangoti sakuwakumbukira. Mudzawauzenso kumene agogo anaikidwa, pakuti mwina alipo okalamba amene sanamve n'komwe uthenga wa maliro awo.

Ana anu mudzapite nawo ku Mua Mission m'boma lomwelo, kumene nyumba yosungiramo zakale ya Chamare imafotokoza miyambo ya Achewa, Angoni ndi Ayao. Ngati ulendowo mungaukonze kumapeto kwa Ogasiti, mwambo wa Kulamba umachitikira ku Mkaika m'boma la Katete ku Zambia, kumene Achewa a ku Malawi, Zambia ndi Mozambique amakapereka ulemu kwa Kalonga Gawa Undi.