Usanafike pa benchi yoyezera magazi, phunzitsa manja ako

Wandilembera mtsikana wina amene ali m'chaka chachiwiri cha maphunziro a ntchito ya m'labu. Mwezi wamawa ayamba kuphunzira ntchito pa benchi ya serology, pamene amayeza magazi pofunafuna asilikali amene thupi limapanga likakumana ndi matenda. Akufunsa zoti akonzekere, ndipo akuti bambo ake ali ndi nkhawa kuti ntchitoyi inatengedwa kale ndi makina.

Mwana wanga, yambira pa chubu. Dzina ndi nambala ya wodwala zilembedwe pomwepo pamene magazi atengedwa, mwini wake ali pamaso pako. Chubu chopanda dzina usachiyeze, ngakhale wochibweretsa alumbire kuti akudziwa mwini wake.

Kenako dziwa kusiyana kwa seramu ndi pulazima. Magazi akaikidwa mu chubu chopanda mankhwala oletsa kuundana, umawasiya chiimire pafupifupi mphindi 30. Amagwirana pansi, ndipo ukawazunguza m'makina kwa mphindi 10, pamwamba pamayandama madzi oyera bwino achikasu. Ameneyo ndiye seramu. Pulazima amachokera m'magazi amene anathiridwa mankhwala ngati EDTA kuti asaundane. Pozunguzapo, chubu chilichonse chikhale ndi chinzake cholemera mofanana mbali inayo, apo ayi makina amanjenjemera mpaka kuswa machubu.

Ukatulutsa chubu, chikweze poyera uchiyang'ane. Seramu akafiira ndiye kuti maselo ofiira aphulika, mwina chifukwa chokhutchumula chubu kapena kukankha magazi mwamphamvu kudzera mu singano. Wotereyu akhoza kusokoneza zotsatira, ndipo kuli bwino kupempha magazi ena. Seramu woti ayezedwa m'masiku ochepa amasungidwa m'firiji pa madigiri 2 mpaka 8, wodikira nthawi yaitali amaumitsidwa pa -20. Kuumitsa ndi kusungunula mobwerezabwereza kumamuwononga.

Tsopano pipeti, kachipangizo kotapira timadzi pa muyezo wake, ndipo apa ndikupempha kuti uchedwepo. Miyezo yambiri pa benchi imeneyi ndi ya timadontho ta mamaikulolita 50, ndiye kampweya kamodzi kotsalira kunsonga kamasintha zonse. Pempha pipeti ndi madzi wamba, uyeserere mpaka chala chako chachikulu chizolowere pamene batani limaima koyamba ndi pamene limaima kachiwiri. Nsonga ya pulasitiki imasinthidwa pa munthu aliyense. Kukoka ndi pakamwa kunaletsedwa kalekale, usayerekeze.

Ubwino wa luso limeneli udzauona pa RPR, njira yoyezera chindoko. Umadontheza seramu pa kabwalo ka pa khadi, n'kuwonjezera dontho la mankhwala okhala ndi timakala, kenako khadi imazungulira maulendo 100 pa mphindi kwa mphindi 8. Ukaiyang'ana pansi pa nyale yowala, ngati asilikali alimo umaona timibulu takuda titasonkhana. Ngati mulibe, dontho limangokhala lotuwa mosalala. Zikagwirana choncho, dokotala amafuna kudziwa kuchuluka kwake. Umayala timabwalo tokhala ndi madzi a mchere ofanana muyezo, n'kuthira seramu m'koyamba, kusakaniza, kutapa theka kupititsa m'kachiwiri, choncho mpaka kumapeto: 1:2, 1:4, 1:8, 1:16. Kabwalo komaliza kuonetsa timibulu ndiye taita ya munthuyo. Wodwala amene anali pa 1:32 akatsika kufika pa 1:8 atalandira mankhwala, dokotala amadziwa kuti mankhwala agwira. Ukalakwitsa pa kabwalo koyamba, cholakwacho chimayenda nawe mzere wonse, ndipo munthu wochira akhoza kubayidwanso jakisoni popanda chifukwa.

Pali chinthu china chimene chimadabwitsa ophunzira ambiri. Nthawi zina asilikali amachuluka kwambiri moti seramu wosasakaniza ndi madzi a mchere saonetsa kanthu, koma ukamusakaniza nawo timibulu timatuluka. Amachitcha prozone. Ndimachitchula nthawi zonse chifukwa cha amayi oyembekezera: chindoko chikaphonyedwa, wovutika ndi mwana ali m'mimba. Dziwanso kuti thupi limatenga masiku kapena masabata lisanapange asilikali okwanira kuoneka, asilikali a mtundu wa IgM ndiwo amayamba, a mtundu wa IgG pambuyo. N'chifukwa chake munthu amauzidwa kuti abwerenso adzayezetse kachiwiri.

Bambo ako uwauze mwaulemu kuti nkhawa yawo ndaimva. Makina alipodi, ndipo njira ya ELISA, imene Eva Engvall ndi Peter Perlmann anaifotokoza mu 1971, imalola kuyeza anthu ambiri pa mbale imodzi ya timaenje 96. Koma makina amawerenga chimene apatsidwa. Amene amaona kuti seramu wafiira, kuti mankhwala atha nthawi, kapena kuti timaenje sitinatsukidwe bwino, ndi munthu. Ndi munthunso amene amayeza kontilolo, zitsanzo ziwiri zodziwika kale, china chokhala ndi asilikali china chopanda, ndipo zikapanda kutuluka moyenera amakana kutulutsa zotsatira za tsikulo ngakhale anthu akudikira panja. Karl Landsteiner anazindikira magulu a magazi mu 1901 poona maselo akugwirana, ndipo mpaka lero munthu asanapatsidwe magazi, kugwirana komweko ndi kumene kumafufuzidwa.

Usanayambe, funsa za katemera wa matenda a chiwindi a hepatitis B. Nthawi zambiri amabayidwa katatu m'miyezi 6, choncho usadikire tsiku loyamba. Magazi a munthu aliyense uziwagwira ngati ali ndi matenda, utavala magolovesi, ndipo singano yogwiritsidwa kale ntchito usaivindikirenso, iponye m'bokosi lake. Ukadzibaya mwangozi, tsuka pabalapo ndi sopo ndi madzi, uuze wokuyang'anira nthawi yomweyo, pakuti mankhwala oteteza ku HIV amayenera kuyambidwa msanga, pasanathe maola 72.