Mbande za msangu zikufa, ngongole ikukula: ndigule mankhwala anji?

Kalata ya sabata ino yachokera kwa bambo wina wa ku Salima. Akuti mu Ogasiti anabwereka K300,000 ku banki mkhonde, chiwongoladzanja chake K20 pa K100 iliyonse pamwezi. Anagula machubu ndi mbewu, nafesa msangu ndi mthethe m'machubu 4,000, cholinga adzagulitse mbande pa K200 imodzi mvula ikagwa. Tsopano Novembala wafika. Mbande zomwe anabwereza kufesa zikuwola pakhosi n'kugwa, zakalezo zasanduka zachikasu. Zafa "zambiri ndithu", zinanso anatenga achibale. Funso lawo ndi ili: agule mankhwala anji, ndipo kodi abwerekenso K50,000 yogulira mankhwalawo?

Achimwene, musabwereke. Ngakhale tambala.

Za matenda ndiyankhe msanga, chifukwa si ndiwo akukudyerani ndalama. Mbande yanthete ikafewa pakhosi, pamene tsinde lakumana ndi dothi, n'kugwa ngati yapsa ndi madzi otentha, ndiye kuti nkhungu za m'dothi zaigwira. Zimakonda chinyezi chosatha, mthunzi wothithikana ndi dothi lamakande losatsika madzi. Chotsani machubu onse odwala muwataye kutali, thirirani m'mawa wokha, phwasulani udzu wina padenga la nazale kuti dzuwa ndi mphepo zilowe. Mukadzafesanso sakanizani dothi ndi mchenga ndi manyowa opsa bwino. Zachikasuzo nyamulani chubu chimodzi muone kunsi. Mupeza muzu waboola pulasitiki n'kulowa pansi, kapena wazungulira m'chubumo ngati nkhata. Msangu umayamba kuthamangitsa muzu waukulu pansi, tsinde likadali lalifupi, ndipo ndi muzu womwewo umene umaupezera madzi akuya mpaka kukhala wobiriwira m'chilimwe mitengo ina itayoyoka. N'chifukwa chake suyenera kukhalitsa m'chubu. Miyezi iwiri yakwana. Inu munafesa mu Ogasiti mbande zokadzala mu Disembala kapena Januwale. Palibe botolo la mankhwala lomwe lingawongole muzu wopindika. Amene anazolowera ntchitoyi amaika machubu a msangu pathandala, kuti muzu ukatulukira kunsi uziuma wokha ndi mphepo.

Koma funso lomwe mukanandifunsa mu Julaye ndi lina: mbande 4,000 zimenezi agule ndani, ndipo alipira liti?

M'kalata yanu yonse mulibe wogula ngakhale mmodzi. Mwangoti "anthu amagula mitengo nthawi ya mvula." Anthu ake ati? Msangu m'munda wa chimanga umadzalidwa motalikana mamita 10 mbali zonse, ndiye kuti mitengo 100 pa hekitala, pa ekala pafupifupi 40. Tinene kuti mwatsala ndi mbande 2,500: kuti zithe mukufunika alimi oposa 60, aliyense atulutse K8,000 m'mwezi womwe akusakasaka ndalama ya feteleza ndi ganyu wopalira. Ndipo inu muli ku Salima, kumene msangu umamera wokha m'minda. Mbuzi ndi ng'ombe zimadya zitheba zake n'kumwaza njere paliponse, ndipo alangizi akhala akuphunzitsa alimi kungosamala timitengo tophuka tokha m'malo motilimira. Mukugulitsa usipa kwa asodzi a ku Senga Bay. Onjezani apo kuti nyengo yodzala mitengo, kuyambira 15 Disembala mpaka 15 Epulo, ndi nthawi yomwe mabungwe ambiri amagawa mbande zaulere.

Msangu ndi mtengo wabwino, musandimve molakwa. Ndani sanaone chimanga chakuda bii pansi pa msangu, cha pambali chili chofiirira? Mtengo umenewu umayoyola masamba mvula ikayamba, motero sutchinga dzuwa, masambawo amasanduka manyowa, mizu yake imaonjezera chonde m'nthaka. Koma zimenezi mlimi amaziona patapita zaka zingapo. Ngongole yanu imabereka mwezi uliwonse.

Tiwerengere limodzi. K300,000 pa K20 pa K100 ndi K60,000 pamwezi. Kuchoka mu Ogasiti kufika mu Disembala ndi miyezi inayi, K240,000. Pamodzi K540,000. Tinene kuti mbande zamoyo zatsala 2,500, zonse zigulidwe pa K200, palibe wonenerera, palibe wotenga pangongole: K500,000. Mwaluza K40,000 musanawerengere thukuta lanu, madzi otunga kwa miyezi inayi ndi njinga yonyamulira. Choopsa china n'chakuti magulu ambiri a banki mkhonde amagawana masheya mu Disembala, ndipo amafuna ngongole zonse zibwere asanagawane. Adzakhala pakhomo panu mbande zisanayambe n'komwe kuyenda. Banki mkhonde si yoipa, koma ndalama yake ndi ya geni yozungulira msanga, tomato, mandasi, nsomba, zomwe mumapikula Lolemba n'kutha Lachinayi.

Nambala ya 2,500 ija ndangoiganizira ine, ndipo apa ndi pamene mtima wanga ukuwawa kwambiri. "Zambiri ndithu" ndi zingati? Makalata a anthu a nazale, a nkhuku, a nkhumba, onse amandilembera mawu omwewa. Munthu amadziwa tsiku lomwe timu yake inagonja ndi zigoli zake, koma sadziwa kuti mpamba wake wafa ndi theka kapena ndi kotala. Pa machubu 4,000, zinamera zingati poyamba? Njere za msangu ndi mthethe zili ndi khungu lolimba, ndipo popanda kuzicheka pang'ono m'mbali ndi chodulira zikhadabo zimamera mwa apo ndi apo. Zina zimabwera zitafumbwa kale, zili ndi kabowo kakang'ono ngati nyemba zogonera m'thumba. Mukanalemba kuti pa tsiku lakuti ndinafesa zakuti, zamera zakuti, mukanadziwa sabata yachiwiri yomwe kuti vuto ndi mbewu, ndipo mukanabwerera kwa amene anakugulitsaniyo. Lero simungadziwe ngati yakupwetekani ndi mbewu, madzi, chiswe, mbuzi kapena amalume.

Inde, amalume. Mwalemba kuti achibale "anatengako pang'ono". Mbande ilibe chitseko, ili pabwalo, ndipo aliyense wodutsa amaiona ngati chomera cha kutchire. Mlamu atenga 50 zokadzala m'malire, apongozi 100, a mpingo apempha za kutchalitchi. Sindikuti muwamane, kwathu kuno sitikhala choncho. Ndikuti lembani. Mbande 300 zopatsa ndi K60,000, chiwongoladzanja cha mwezi wathunthu. Mukaiona nambalayo papepala mudzadziwa kunena kuti, "Amalume, zanu ndi 20 izi, zinazi n'zangongole ya gulu." Kope la ana a sukulu ndi bolopeni zikwanira. Tsamba limodzi zofesa ndi zomera, lina zakufa, lina zopatsa, lina zogulitsa.

Tsono mawa m'mawa werengani chubu chilichonse, msangu pawokha, mthethe pawokha, zamoyo ndi zokayikitsa. Chiyembekezo chanu chili pa mthethe. Umakula msanga, umapereka nkhuni ndi milimo, ndipo minga yake yokowa ija imathandiza pampanda. Pitani nawo kwa amene amagula mitengo yambiri nthawi imodzi: masukulu, mipingo, eni minda ikuluikulu, alimi a fodya ofuna nkhuni ndi mitengo ya zigafa, makomiti a zachilengedwe a m'midzi. Kaonaneninso ndi mlangizi wa zankhalango wa kwanuko, iye amamva msanga bungwe likafuna mbande. Pokambirana tchulani dzina la mtengo momveka kuti ndi mthethe, musangoti "akesha". Ambiri akati "akesha" amanena kesha wa maluwa achikasu wopanda minga uja, amene ndi wosiyana ndi mthethe ndipo saonjezera chonde monga msangu. Ndinaonapo munthu atafika ndi ngolo yodzaza mthethe, wogula n'kukana poona minga.

Amene wavomera apereke theka la ndalama pompo, ngakhale mutsitse mtengo kufika K150. Ndalama iliyonse yolowa ipite kugulu tsiku lomwelo kuti mutu wa ngongole uchepe. Kawauzeninso a gulu zoona zake panopa, asanafike pogawana, mupemphe kubweza pang'onopang'ono. Msangu wa mizu yopindika musaugulitse kwa munthu, udzafa kumunda kwake ndipo chaka chamawa sadzabweranso. Sankhani wabwinoko mudzale m'munda mwanu.

Mukatha kuwerenga mundilemberenso, mundiuze zamoyo zingati, zolonjezedwa kwa ogula zingati, ndi tsiku lomwe gulu lanu likugawana masheya.