Kodi ulcerative colitis ndi zilonda za m'mimba? Mawu oyenera msilikali wopuma akamakapimidwa ku VA

Funso: Ndine mayi wochokera ku Dedza, koma ndikukhala ku Texas m'dziko la United States. Amuna anga adagwirapo ntchito ya usilikali kuno, ndipo tsopano akuvutika ndi matenda amene madokotala akuti ndi ulcerative colitis. Aitanidwa kuti akapimidwe ndi dokotala wotumidwa ndi VA, nthambi ya boma yoona za asilikali opuma, kuti aone ngati angamalandire ndalama chifukwa cha matendawa. Ine ndauzidwa kuti ndikhoza kulemba umboni wa zimene ndimaona kunyumba, ndipo ndikufuna ndiyambe ndalemba m'Chichewa kuti mng'ono wanga anditanthauzire m'Chingerezi. Kodi ndilembe kuti ali ndi zilonda za m'mimba, kapena ndinene kuti kamwazi?

Yankho: Mayi, pepani ndi matenda, ndipo ndikupemphani kuti musalembe mawu onse awiriwo, chifukwa aliwonse mwa iwo akatanthauziridwa m'Chingerezi adzatchula matenda ena osati amene amuna anu akudwala. Tikamati munthu ali ndi zilonda za m'mimba, aliyense amamva matenda a m'chifu, aja otentha pachifuwa ndi pamchombo amene anthu amati amakula munthu akakhala ndi njala, ndipo mng'ono wanu akaona mawuwo sadzachedwa kulemba kuti stomach ulcers. Vuto lili m'mawu akuti mimba, amene kwa ife ndi thumba lalikulu losungamo chifu, matumbo, ngakhalenso mwana wosabadwa. Ulcerative colitis imagwira thumbo lalikulu lokha: imayambira kumapeto kwake, kufupi ndi kotulukira chimbudzi, n'kumakwera m'mwamba, ndipo khungu la m'kati mwa thumbolo limatupa ndi kuchita tizilonda totulutsa magazi. Choncho m'Chichewa lembani kuti kutupa ndi zilonda za m'thumbo lalikulu, ndipo pamene mukutchula matendawo koyamba lembaninso dzina lachingerezi monga liliri m'mapepala a kuchipatala, kuti womasulira asakhale ndi mpata woganizira yekha.

Mawu akuti kamwazi ndikumvetsa chimene chakukokerani kwa iwo, popeza mwazi ndi magazi ndipo mukuona magazi m'chimbudzi. Koma kamwazi amene timamudziwa ndi matenda obwera ndi tizilombo ta m'madzi kapena m'chakudya chosasamalika, amapatsirana, ndipo munthu akalandira mankhwala amachira. Matenda a amuna anu sapatsirana, amagwirizana ndi chitetezo cha m'thupi chimene chimalimbana ndi thumbo la mwini wake, ndipo mankhwala amangowagoneka osawathetsa. Munthu wowerenga umboni wanu akaganiza kuti mukunena matenda a masiku ochepa, ndiye kuti mfundo yaikulu ya pempho lonse yasokonekera. Pa chifukwa chomwechi, ngakhale kuti ambiri timati matenda amgonagona tikamanena matenda osatherapo, ine ndingakonde mulembe kuti matenda okhalitsa, chifukwa mgonagona umapereka chithunzi cha munthu wosadzuka pamphasa, pomwe amuna anu mwina amayenda ndi kuyendetsa galimoto masiku amene matendawo agona.

Koma chimene chikundidetsa nkhawa kwambiri m'kalata yanu si dzina la matenda ayi. Ndi ulemu wa chiyankhulo chathu. Ife tidaleredwa kuti za kuchimbudzi sizitchulidwa poyera, ndiye timati munthu wapita panja, wapita kukadzithandiza, wapatuka, kapena m'mimba simuli bwino, ndipo mkazi wolemekeza mwamuna wake amazungulira kwambiri kuposa pamenepa. Mawu otere ndi abwino pakati pa apongozi, ndipo sindikufuna kuti atayike. Pamaso pa dokotala wopima, komabe, mawu ozungulira sanena chilichonse chimene iye angalembe. Dokotalayo amadzaza fomu ya mafunso yotchedwa Disability Benefits Questionnaire, ndipo fomuyo imafuna kudziwa kuti wodwala amatsekula m'mimba kangati pa tsiku, ngati m'chimbudzi mumakhala magazi, ngati amatentha thupi, ngati magazi adachepa m'thupi, mankhwala amene amamwa, ndiponso ngati adagonekedwapo m'chipatala. Mukalemba kuti bambo amadzukadzuka usiku, womasulira adzalemba za munthu wosowa tulo, pomwe inu mumatanthauza kuti amathamangira kuchimbudzi katatu kusanache ndipo inu mumamva chitseko chikutsekuka mdima uli bii.

Chifukwa chake chiwerengero chili chofunika motere ndi ichi. Kuyambira pa 19 Meyi 2024, VA imayeza ulcerative colitis ndi muyeso womwewo wa matenda a Crohn, amenenso amatupitsa matumbo, ndipo magawo ake ndi 10, 30, 60 ndi 100 peresenti. Gawo la 10 ndi la 30 ndi la munthu amene amamva kupweteka m'mimba mobwerezabwereza, amatsekula m'mimba kosapitirira katatu pa tsiku, ndipo akuthandizidwa ndi mankhwala akumwa kapena olowetsa kumunsi, monga mesalamine. Chosiyanitsa magawo awiriwa ndi chakuti pa 30 pamakhalanso zizindikiro zochepa zosonyeza kuti thupi lonse lakhudzidwa, monga kutentha thupi, kugunda kwa mtima mothamanga kapena kuchepa kwa magazi. Gawo la 60 limatchula kutsekula m'mimba kanayi kapena kasanu pa tsiku ndi kulandira mankhwala ochepetsa mphamvu ya chitetezo cha m'thupi, monga azathioprine kapena infliximab. Gawo la 100 ndi la matenda amene sakumva mankhwala, ogonekera munthu m'chipatala kamodzi kapena kuposerapo pa chaka, amene amamulepheretsa kugwira ntchito kapena amabwera ndi zizindikiro zazikulu monga kutsekula m'mimba ka 6 kapena kuposerapo pa tsiku ndi kulephera kugwira chimbudzi. Mukuona nokha kuti pakati pa katatu ndi kanayi pali malire enieni, ndipo mawu athu okondedwa aja akuti kangapo, pafupipafupi ndi kawirikawiri amagwera pakati pa malirewo osathandiza aliyense.

Chichewa sichiperewera pa nkhaniyi, popeza tili ndi kamodzi, kawiri, katatu, kanayi, kasanu. Pokhapokha mukapitirira kasanu lembani ndi manambala, ka 6 kapena ka 8, chifukwa kasanu ndi kamodzi womasulira wothamanga akhoza kumva ngati mukunena nthawi ziwiri zosiyana. Njira yabwino ndi yoti amuna anu asunge kabuku pafupi ndi bedi kwa masabata amene atsala, azilembamo tsiku, maulendo a kuchimbudzi, ngati munali magazi kapena zonanda ngati mamina, ndi masiku amene alephera kupita kuntchito. Kupweteka nakonso kuli ndi mayina ake: m'mimba mukupotokola ndi zosiyana ndi m'mimba mukutentha, ndipo mimba yatupa ndi zosiyana ndi kudzimbidwa. Kutentha thupi lembani kuti kutentha thupi, osati malungo, pakuti malungo adzamasuliridwa kuti malaria. Ndipo ngati zidachitikapo kuti chimbudzi chidawapanikiza mpaka kudziipitsira asanafike pakhomo, ngakhale kuti ndi mawu olemera kuwalemba za bambo a kunyumba, alembeni choncho, chifukwa chimenecho ndi chimodzi mwa zizindikiro zimene muyeso uja umawerenga, ndipo palibe wina angachichitire umboni kuposa inu amene mumachapa zovalazo.

Pali kachidutswa kena ka mawu kamene ndikufuna muchenjere nako, ka -ko kaja timaphatikiza kumapeto kwa mneni. Akupezako bwino, amadyako, amagonako, zikupwetekako: kachidutswaka kamafewetsa mawu ndi kuwapatsa ulemu, ndipo wodwala wa kwathu, ngakhale ali gone m'chipatala, mukamufunsa kuti mwadzuka bwanji amayankha kuti ndadzukako, kapena pang'onopang'ono. Ife timamva kuti munthuyo akuvutika koma sakufuna kudandaula. Munthu amene adaphunzira Chingerezi atakula amanyamula chizolowezi chimenechi n'kupita nacho m'chiyankhulo chatsopanocho, kotero dokotala akafunsa za moyo, iye amayankha kuti ali bwino, ndipo yankholo likhoza kulowa m'lipoti. Usilikali nawonso umaphunzitsa munthu kupirira osadandaula, ndiye amuna anu ali ndi aphunzitsi awiri owaletsa kunena. Akuluakulu adati wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko, ndipo pa tsiku limenelo palibe amene adzawatsekulire. Mukambirane nawo pasadakhale kuti akafunsidwa afotokoze za masiku abwino ndi masiku oipa omwe, kuti matenda akauka amatenga masiku angati ndipo amauka kangati pa chaka, popeza tsiku lopimidwalo likhoza kugwera nthawi imene matenda agona. Sindikunena kuti akokomeze. Kukokomeza ndi bodza, ndipo mapepala a colonoscopy (kuunika m'thumbo ndi kamera) ndi zotsatira za magazi zili m'manja mwa dokotalayo. Ndikunena kuti asachepetse.

Chomaliza pa funso lanu ndi nthawi ya mneni. Ndatsekula m'mimba ndi za lero, ndikutsekula m'mimba ndi za masiku ano, ndipo ndimatsekula m'mimba ndi chizolowezi. Koma -ma- ameneyu polankhula amagwiranso ntchito ya nthawi yakale, ndipo chimasiyanitsa ndi kukweza kapena kutsitsa mawu, chimene sitilemba papepala. Amadandaula m'mimba ali ku usilikali ndi amadandaula m'mimba masiku ano zimaoneka zofanana m'malembo. Pa zakale gwiritsani ntchito -nka-, kuti ankadandaula, ankataya magazi, ndipo tchulani chaka. Izi ndi zofunika chifukwa VA imafuna kuona zinthu zitatu: kuti matenda alipo tsopano, kuti china chake chidachitika kapena chidayamba munthu ali pa ntchito ya usilikali, ndiponso kuti pali mgwirizano pakati pa ziwirizi. Ngati inu mudaona zizindikiro zoyamba iwo asanapume, -nka- wanuyo ndi chaka chake ndiwo umboni. Fomu yolembapo umboni wa munthu wapafupi ndi VA Form 21-10210, ndipo mulembemo zokhazo zimene mudaona ndi maso anu.

Funso: Malume anga, amenenso adali msilikali ku United States, akukana kuti asalembedwe kuti ndi olumala, ati manja ndi miyendo ali nazo. Kodi mawu akuti disability tingawanene bwanji popanda kuwanyoza?

Yankho: Malume anu akumva Chichewa molondola, chifukwa kulumala m'makutu a ambiri ndi kwa chiwalo chooneka, ndipo mawu akuti chilema amapweteka kwambiri moti ndi bwino kuwapewa polankhula za munthu. Masiku ano timati munthu wa ulumali, poika munthu patsogolo, ndipo mawuwa atambasuka mpaka kufika pa zovuta zosaoneka ndi maso. Ngakhale zili choncho, chimene VA imayeza ndi kuchepa kwa mphamvu zopezera ndalama kumene matenda kapena kuvulala kumabweretsa, ndipo imakuika pa muyeso woyambira pa 0 kufika pa 100 peresenti. Ndiye polankhula ndi malume anu munganene kuti boma likufuna kuona mmene matendawa akuwalepheretsera kugwira ntchito. Munthu amene sangakhale pa msonkhano wa ola limodzi osatuluka, kapena amene asananyamuke ulendo amayamba wawerenga malo okhala ndi zimbudzi m'njira, ali ndi cholepheretsa chenicheni ngakhale akuyenda chilili. Auzeninso mwaulemu kuti kusapita kukapimidwa popanda chifukwa chomveka kukhoza kuchititsa kuti pempho lawo likanidwe kapena ligamulidwe ndi mapepala okhawo amene alipo, choncho ngati tsikulo silingatheke aimbe foni msanga kuti lisinthidwe.

Funso: Kupima kumeneku amakutcha C&P exam, kuchokera ku mawu akuti compensation ndi pension. Kodi compensation ndi chipukutamisozi kapena chipepeso? Nanga tinene kuti kupima, kuyeza kapena kuunika?

Yankho: Chipepeso chimatuluka m'mneni kupepesa, ndipo timachipereka pamaliro kapena pamene wina walakwiridwa, kotero chimanyamula maganizo a chisoni ndi kukoma mtima kwa woperekayo. Chipukutamisozi ndicho chidakhazikika m'nkhani za kukhoti ndi za ngozi za pantchito, ndipo ndicho chili pafupi ndi tanthauzo lofunikalo, ngakhale kuti ambiri akachimva amaganiza za ndalama zoperekedwa kamodzi n'kutha. Za VA zimabwera mwezi ndi mwezi, ndiye nenani kuti chipukutamisozi cha mwezi ndi mwezi, ndipo musachisokoneze ndi penshoni ya munthu wopuma pantchito atakwanitsa zaka zake.

Pa aneni atatuwo, kupima ndi kuyeza amalowana kwambiri m'zolankhula za kuchipatala, ndipo palibe amene angakudzudzuleni mutati akukayezedwa. Ine ndimakonda kusunga kuyeza pa zinthu zotuluka ndi nambala, monga magazi, sikelo ndi kuthamanga kwa mtima, kupima pa ntchito yonse ya dokotala yofunsa ndi kugwira m'thupi, ndipo kuunika pa kuyang'ana m'kati ndi chipangizo, monga pa colonoscopy pamene kamera imalowetsedwa m'thumbo. Mawu amene simuyenera kugwiritsa ntchito pano ndi akuti akupita kukalandira chithandizo, chifukwa dokotala wa tsiku limenelo sapereka mankhwala ndipo sagamula za ndalama. Iye amalemba lipoti n'kulitumiza ku VA, kumene ena amaliwerenga pamodzi ndi mapepala onse asanatumize kalata ya chigamulo.